Mbiri ya malemu Colin Chapman, katswiri wa galimoto za mpikisano

Amakanika a ku Chunga ndi ku Matero mu mzinda wa Lusaka amadziwa kuti turbo imawonjezera mphamvu ya injini pogwiritsa ntchito utsi wotuluka. Koma pa mpikisano wa Formula One, galimoto yamphamvu imafunikanso kugwira msewu pokhota. Amene anathandiza kwambiri pa nkhani imeneyi ndi malemu Colin Chapman a ku Britain.

A Chapman anabadwa pa 19 May 1928 ku Richmond, ndipo anaphunzira za uinjiniya pa University College London. Atatumikira kwa kanthawi m'gulu la asilikali a ndege, anakhazikitsa kampani ya Lotus mu 1952. Nzeru zopangira ndege anazitengera ku galimoto, ndipo ankalimbikira kuti galimoto izikhala yopepuka. Poyendetsa Lotus, Jim Clark anakhala katswiri wa dziko lonse mu 1963 ndi 1965.

Mu 1977 a Chapman ndi anzawo anatulutsa Lotus 78, imene kunsi kwake anakuumba ngati phiko la ndege lotembenuzidwa. Mphepo yodutsa kunsiko inkathamanga kwambiri n'kumakokera galimotoyo pansi, motero inkakhota paliwiro lalikulu osaterereka. Mu 1978 Mario Andretti anatenga ukatswiri ndi Lotus 79.

Komabe liwiroli linadza ndi misozi. Clark anamwalira pangozi mu 1968, Jochen Rindt mu 1970 ndi Ronnie Peterson mu 1978, onse akuyendetsa Lotus. Akuluakulu a mpikisano analetsa kapangidwe ka kunsi kotereka kuyambira mu 1983, poona kuti liwiro la pokhota lanyanya.

Kampani ya Renault inali itabweretsa injini ya turbo mu Formula One mu 1977. A Chapman anagwirizana nayo kuti Lotus iyambe kugwiritsa ntchito injinizo mu 1983, koma sanazione pa mpikisano. Anamwalira ndi nthenda ya mtima pa 16 December 1982 ali ndi zaka 54.

Pambuyo pake, mu 2009, galimotozi zinayamba kusunga mphamvu yotayika pogwira mabuleki, ndipo mu 2014 njirayi inaphatikizidwa ndi injini za turbo. Mu 2022 akuluakulu a mpikisano anabwezeretsa nzeru ya a Chapman yogwiritsa ntchito mphepo ya kunsi kwa galimoto, patapita zaka 40 chimwalirireni mwini wake.