Alfred, Mfumu ya Wessex

Kale dziko la England linali logawika m'maufumu angapo, uli wonse ndi mfumu yaceyace. Ufumu wa kumwera unali kuchedwa Wessex, ndipo m'menemo, pa mudzi wa Wantage, munabadwa Alfred m'caka ca 849. Iye anali wamng'ono pa ana amuna asanu a Mfumu Ethelwulf, cotero panalibe munthu woganiza kuti adzalowa ufumu.

Bishopu Asser, amene analemba mbiri yace, asimba kuti tsiku lina amai ace anaonetsa anawo buku la ndakatulo za Cingerezi, nalonjeza kulipereka kwa iye amene adzayamba kulidziwa. Alfred anakopeka ndi cilembo coyamba, pakuti cinali cokongola ndithu. Ananka nalo kwa mphunzitsi kuti amwerengere, naloweza mau onse pamtima, nalandira bukulo.

M'masiku amenewo anthu a ku Denmark, amene tidzawacha Adeni, anali kuoloka nyanja m'ngalawa zao zazitali kudzafunkha. Iwo sanali Akristu, ndipo anali kuononga nyumba za amonke m'mene munali kusungidwa mabuku. M'caka ca 865 kunadza khamu lao lalikuru lofuna kulanda dziko lenilenilo, ndipo maufumu a Northumbria, East Anglia ndi Mercia anagwa umodziumodzi. Akuru ace atatu a Alfred analamulira Wessex motsatana, namwalira onse, ndipo m'caka ca 871 iye analongedwa ufumu ali ndi zaka ngati 22.

Caka cowawitsa cinali ca 878. Pakati pa nyengo ya cisanu, mtsogoleri wa Adeni dzina lace Guthrum anagwera mudzi wa Chippenham modzidzimutsa. Angerezi ambiri anagonja, ena nathawira kutsidya kwa nyanja. Alfred anabisala ndi anthu owerengeka m'madambo a ku Somerset, namanga linga pa kacisumbu ka Athelney. Akadataya mtima pamenepo, sipakadatsala ufumu wa Angerezi ndi umodzi womwe.

Koma m'mwezi wa May anamema amuna a m'maiko ozungulira, nakomana ndi Adeni pa Edington, nawagonjetsa. Otsala anathawira m'linga, ndipo atazingidwa masiku 14 anapempha mtendere cifukwa ca njala. Alfred sanamuphe Guthrum ai. Guthrum anabatizidwa pamodzi ndi akuru ace 30, ndipo mfumu yomweyo inaima monga kholo lace la ubatizo. Pambuyo pace anapangana malire: Adeni kum'mawa, Alfred kumwera ndi kumadzulo.

Podziwa kuti nkhondo idzabweranso, mfumu inamanga midzi yamalinga ngati 30, kuti anthu azikhala ndi kothawira pafupi. Inagawa ankhondo pawiri, kuti ena azilima pamene anzao alikulonda dziko. Inapangitsanso ngalawa zazitali koposa za Adeni. M'caka ca 886 Alfred anatenga mudzi wa London naukonzanso.

Tsono panatsala nchito ina imene inamsautsa mtima koposa. Mabuku ambiri a nzeru anali olembedwa m'Cilatini, ndipo ansembe odziwa cinenero cimeneco anatsala owerengeka. Alfred anakhulupirira kuti tsoka la nkhondo linagwera anthu ace cifukwa analeka kukonda maphunziro. Cotero anaitana anthu ophunzira: Asser wa ku Wales, Plegmund wa ku Mercia, ndi Grimbald wa kutsidya kwa nyanja. Iye mwini anayamba kuwerenga Cilatini m'caka ca 887, ali wa zaka ngati 38, wosacita manyazi kukhala wophunzira ngakhale anali mfumu.

Ganizo lace linali lakuti mabuku ofunika koposa atembenuzidwe m'cinenero cimene anthu onse acimva, ndi kuti ana a mfulu ayambe aphunzira kuwerenga Cingerezi asanayambe Cilatini. Mothandizidwa ndi aphunzitsi ace, anatembenuza buku la Papa Gregory lolangiza abusa a Mpingo, nalamula kuti litumizidwe kwa mabishopu. Anasonkhanitsa malamulo a mafumu akale, nasankhamo abwino, nawalembetsa m'Cingerezi. M'masiku ace omwewo munayambika buku la Anglo-Saxon Chronicle, lofotokoza zocitika caka ndi caka. Amonke anapitiriza kulilemba kufikira caka ca 1154, patapita zaka 88 cigonjetsere Anormani dziko la England.

Zonsezi anazicita ali wodwaladwala. Anamwalira pa 26 October, 899, naikidwa ku Winchester. Iye sanalamulire England yense, koma mdzukulu wace Athelstan anakhala mfumu ya dziko lonselo m'caka ca 927. Anthu a m'mibadwo ya pambuyo anamucha Alfred Wamkuru, pakuti anapulumutsa mtundu wace ndi lupanga, naulimbitsa ndi mabuku.

MAFUNSO
1. Kodi Alfred analipeza bwanji buku la amai ace?
2. Fotokozani zimene zinacitika m'caka ca 878.
3. Cifukwa ninji Alfred anafuna kuti mabuku atembenuzidwe m'Cingerezi?