Ethelwynn Trewavas, mayi amene adatcha chambo dzina la Karonga

Msodzi wa ku Kaporo akavuula ukonde n'kupezamo chambo, kwa iye ndi chambo basi. Koma m'mabuku a sayansi, mtundu umodzi wa nsombayi umalembedwa kuti Oreochromis karongae, kutanthauza kuti ya ku Karonga. Amene adayamba kuutcha karongae mu 1941 ndi mayi wa ku England, Ethelwynn Trewavas. Lero chambo chimenechi chili m'gulu la nsomba zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo ntchito yochiteteza idatsamira pa zimene mayiyu adalemba.

Mayi Trewavas adabadwa pa 5 November 1900 m'tauni ya Penzance, m'mphepete mwa nyanja kum'mwera chakumadzulo kwa England. Atamaliza maphunziro a ukachenjede mu 1921, adayamba ndi uphunzitsi. Mu 1928 adalowa ntchito yothandiza katswiri wa nsomba, Charles Tate Regan, ku British Museum mumzinda wa London. Adagwira ntchito kumeneko mpaka kupuma mu 1961, atafika pa udindo wa wachiwiri kwa mkulu woyang'anira nthambi ya zinyama.

Nsomba za m'mabotolo

Nsomba za m'nyanja ya Malawi adayamba kuzidziwa asanapondeko kuno. Cuthbert Christy adali atatolera nsomba zambiri mu 1925 ndi 1926 n'kuzitumiza ku London m'mabotolo a mankhwala. Mayi Trewavas ankatenga imodziimodzi, kuwerenga mamba ndi minga, kuyeza mutu, komanso kuunika mano, kuphatikizapo mano a kukhosi amene nsombazi zili nawo. Mano amaulula chakudya cha nsomba, kaya imapala ndere pamwala, imaswa nkhono kapena imadya nsomba zinzake. Mu 1935 adasindikiza zimene adapeza, ndipo maina ngati Melanochromis, Labidochromis ndi Petrotilapia, amene amatchulira magulu a mbuna, adachokera m'ntchito imeneyo.

Mu 1939 adabwera ku Nyasaland ndipo adagwira ntchito panyanja limodzi ndi Kate Ricardo ndi H.J.H. Borley. Ulendowu udali mbali ya kafukufuku wa kadyedwe ka anthu, amene boma la atsamunda linkachita pofuna kudziwa chifukwa chimene anthu ankaperewera zakudya m'thupi. Choncho funso lawo lidali la zaumoyo: kodi nyanjayi ingapereke ndiwo zochuluka bwanji popanda kuguga? Lipoti lawo lidatuluka mu 1942.

Chambo si chimodzi

Mayi Trewavas adaonetsa kuti chimene timangoti chambo ndi mitundu ingapo yofanana kwambiri. Kupatula squamipinnis, amene adali atalembedwa kale, iwo adafotokoza karongae ndi lidole. Kusiyanitsaku n'kofunika chifukwa mtundu umodzi ukhoza kutha anthu osazindikira, poona kuti pamsika chambo chikupezekabe.

Kaswanidwe ka nsombayi ndi kamene kamaiika pachiswe. Yamphongo imakonza chisa pamchenga, ndipo yaikazi imafungatira mazira ndi ana m'kamwa kwa milungu ingapo. Ikatero imakawalavula m'madzi osaya momwe muli mabango ndi udzu. Khoka likakwapula pansi limafafaniza zisa, ndipo nsomba yaikazi imodzi ikaphedwa ili ndi ana m'kamwa, amafa ndi ana mazana. Ana a chambo, amene timawatcha kasawala, sapulumuka ku ukonde wa maso ang'onoang'ono.

Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limasunga kaundula wa zamoyo zimene zili pangozi, lidaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja ya Malawi ndi mitsinje yake. Lidapeza kuti mitundu 9 pa 100 iliyonse ili pachiopsezo chachikulu, ndipo karongae, squamipinnis ndi lidole zidaikidwa pa mlingo wotsiriza chamoyo chisanatheretu kuthengo. Kauniuni wotere sakadatheka pakadapanda maina ndi mafotokozedwe omveka a mtundu uliwonse.

Adagwira ntchito mpaka ukalamba

Atapuma pantchito sadaike pansi zida. Mu 1968 adalandira mendulo ya Linnean Society. Mu 1983 adatulutsa buku lalikulu la nsomba za m'banja la chambo ndi makumba, ndipo mu 1989, ali ndi zaka pafupifupi 89, adalemba limodzi ndi David Eccles buku lina la nsomba za m'nyanja yathuyi. Mbuna ina, Labeotropheus trewavasae, idatchedwa dzina lawo powalemekeza. Adamwalira pa 16 August 1993.

Zimene adalemba zimaonekera m'malamulo a lero. Lamulo la zausodzi la 1997 lidatsegula khomo loti anthu a m'midzi azisamalira nawo nyanja kudzera m'makomiti a padoko. Kutseka usodzi wa makoka mu November ndi December cholinga chake n'chakuti chambo chiswane mwamtendere. Kuletsa maukonde a maso ang'onoang'ono kumapatsa kasawala mpata wokula. Kumtunda kuno nkhaniyi ikukhudzanso mpasa, imene imakwera mitsinje ngati Songwe ndi North Rukuru kukaikira mazira pamiyala. Kulima m'mbali mwenimweni mwa mtsinje kumagwetsera matope pa miyalayo, ndipo kutchinga mtsinje ndi mono kumapha nsombayi isanaswe.

Makolo ndi odzipereka pa zaumoyo muli ndi gawo lanu. Neti yoteteza ku udzudzu ikapita kunyanja, mwana amagona poyera n'kudwala malungo, ndipo kasawala amene akadakhala ndiwo zake zomanga thupi amathera pomwepo. Poyendera makomo, funsani komwe kuli neti. Pamsika, mukaona kasawala, m'siyeni.