MBUSA DAVID CLEMENT SCOTT, 1853-1907

Pa masiku a cikondwerero alendo ambiri adzaima pabwalo la Misyoni ya Blantyre, nadzapenya nyumba ya Mulungu ndi nsanja zace ndi njerwa zace zokongola, nadzazizwa. Kuzizwako nkwabwino, koma kuyenera kuti ife a mu Mpingo tidziwenso kuti munthu amene anaimanga anaitsiriza ali pakati pa maliro, manda a abale ace asanamere udzu.

David Clement Scott anabadwa ku Edinburgh m'dziko la Scotland caka ca 1853, naphunzira za ubusa komweko. Anafika ku Blantyre caka ca 1881 pamodzi ndi mkazi wao Isabella, wa banja la Bowie. Masiku amenewo Misyoni inali ndi zaka zisanu zokha, cifukwa inayamba caka ca 1876 pa malo amene Henry Henderson anasankha m'dziko la mfumu Kapeni. Ndipo mbiri yace inali itaipa kale. Ena mwa Azungu oyambawo anadziyesa oweruza, nalanga anthu ndi zikoti mwankhanza, kotero kuti Mpingo wa ku Scotland unawacotsa. Bambo Scott analandira nchito yokhala ndi manyazi otere. Anayamba ndi kumvera: anakhala pa milandu pamodzi ndi mafumu, natola mau a Cimang'anja pakamwa pa eni ace, ndipo mauwo anasanduka buku lalikuru lomasulira mau limene linasindikizidwa caka ca 1892. Caka ca 1884 anapita kukaonana ndi Chikusi, mfumu ya Angoni, amene nkhondo zace zinali kuopsa dziko lonse lino.

Nyumba ya Mulungu anaiyamba caka ca 1888. Bambo Scott sanaphunzira zomangamanga, ndipo anthu a dziko lino amene anagwira nao nchito anali asanamangepo nyumba yotere. Njerwa anaziumba ndi kuziocha pomwepo, naphunzira pamodzi tsiku ndi tsiku, khoma likukwera.

Pamene nchito inayandikira kutha, imfa inalowa. Mwezi wa November 1890 anamwalira Mbusa Robert Cleland, amene anagwira nchito ku Chiradzulu ndi ku Mlanje. Mwezi wa January 1891 nthenda yoopsa ya pakhosi, yochedwa diphtheria, inagwira kamwana ka Bambo Henderson. Tsono tidziwe kuti anthu awa anali a nyumba imodzi: Mai Henderson ndi Mai Scott anali munthu ndi mbale wace, ndipo sing'anga wa Misyoni, Dotolo John Bowie, anali mlongo wao. Pakuona kuti mwanayo alikulephera kupuma, Dotolo Bowie anamboola pakhosi naikapo kabango ka citsulo. Ndipo pamene kabangoko kanatsekeka, anayamwa zoipazo ndi pakamwa pace, ngakhale anadziwa bwino monga sing'anga kuti m'menemo muli imfa. Mwanayo anamwalira. Amace anamtsata, ndipo Dotolo Bowie nayenso anamwalira m'mwezi womwewo. Bambo Henderson, woyambitsa Misyoni, ananyamuka kumka kwao ali wosweka mtima, koma sanafika. Anamwalira ku Quelimane mwezi wa February.

Inu alaliki ndi aphunzitsi mudziwa zimene zicitika pamudzi pamene maliro atsatana motere m'banja limodzi. Anthu ayamba kunong'onezana, ena afuna kukaombeza ula kuti apeze mfiti, ena anena kuti malowo aipa, tisamuke. Ngakhale Mkristu wolimba, mtima wace ufunsa ngati Mulungu wamtaya. Bambo Scott ndi mkazi wao sanasamuka. Anabwerera ku makoma aja osatha, ndipo pa 10 May 1891, itapita miyezi itatu yokha cimwalirire Bambo Henderson, nyumbayo inapatulidwa kuti ikhale ya Mulungu. Ndiyo imene tiicha St Michael and All Angels, ndipo iri ciimire kufikira lero. Ife tiyesa kuti tsiku lija nyimbo zinaturuka movuta pakhosi pa Mai Scott, amene anataya mlongo, mbale, mlamu ndi mwana wa mbale wao m'masabata owerengeka. Komabe malo amene anathawirako ndi cisoni cao anali nyumba ya mapemphero.

Ndipo m'nyumbamo Bambo Scott anafunitsa cinthu cimodzi koposa zonse, ndico kuti anthu akuda ndi Azungu apembedze pamodzi, nadye Mgonero wa Ambuye pa gome limodzi, nakhale Mpingo umodzi. Anaona kuti atumiki ocokera kutali afa msanga m'dziko la malungo, ndi kuti Mpingo udzakhazikika pokhapo eni dziko atausenza. Cifukwa cace caka ca 1894 anapatula anyamata asanu ndi awiri akhale madikoni, nawaphunzitsa okha, nawapatsa ulamuliro weniweni. Mwa iwo munali Mungo Murray Chisuse, John Gray Kufa ndi Harry Kambwiri Matecheta, amene anadzozedwa ubusa caka ca 1911.

Koma cikho cao cinali cisanathe. Caka ca 1895 mphwao, Dotolo William Affleck Scott, amene anali sing'anga ndi mbusa yemwe, wokondedwa ndi anthu cifukwa ca kuyenda kwace pansi kumka kwa odwala, anamwalira ndi malungo ku Blantyre. Caka comweco Mai Scott anamwalira ku Mozambique ali pa ulendo womka ku Scotland. Ndipo pamwamba pa maliro panadza milandu. Azungu ena a dziko lino ndi anthu ena a ku Scotland sanakondwera ndi ulemu umene Bambo Scott anapatsa anthu akuda, kapena ndi mapembedzedwe ao, nawanenera kwa akuru a Mpingo. Caka ca 1897 anatumidwa anthu kudzafunsa mlanduwo, ndipo sanawapeza ocimwa pa zazikuru zimene anawanenera. Koma thupi lao linali litafoka. Caka ca 1898 anacoka ku Blantyre, nasiya nchito m'manja mwa Mbusa Alexander Hetherwick. Tinene zoona, cilonda ici cinali cowawa mwa mtundu wina, pakuti malungo sadziwa munthu, koma awa anali Akristu anzao.

Munthu wina akadapumula pamenepo, ndipo palibe akadamdzudzula. Koma caka ca 1901, pamene Misyoni ya ku Kikuyu, m'dziko limene tsopano lichedwa Kenya, inasowa mtsogoleri cifukwa ca imfa ya Thomas Watson, Bambo Scott anabvomera kumka kumeneko, nayambanso kuphunzira cinenero catsopano ali ndi zaka 48. Mkazi wao waciwiri, Edith, anamwalira komweko asanathe zaka ziwiri. Minda yaikuru imene analima kuti ithandize Misyoni inalephera, nisiya ngongole. Maso ao anayamba kucita khungu. Zaka zisanu ndi cimodzi analalikira kwa Akikuyu, osabatiza ndi mmodzi yense.

Mwezi wa October 1907, ali gone pa mphasa ya imfa, anadza kwa iwo mnyamata dzina lace Karanja, amene anakhala akuphunzira Mau a Mulungu pa Misyonipo. Bambo Scott anambatiza pomwepo, namucha Filipo, ndipo iyeyu ndiye Mkikuyu woyamba kubatizidwa pa Misyoni imeneyo. Anamwalira m'mwezi womwewo, ali ndi zaka 54, naikidwa ku Kikuyu, kutali ndi manda a abale ao a ku Blantyre.