Kändler, woumba amene ankayamba wayang'anitsitsa nyama

Mu 1717, Augustus the Strong, wolamulira Saxony yemwenso anali mfumu ya Poland, anapereka asilikali 600 kwa mfumu ya Prussia posinthana ndi mitsuko ndi ziwiya 151 zadothi zochokera ku China. Anthu amoyo, kusinthanitsa ndi mitsuko! Uyu ndiye bwana amene Johann Joachim Kändler anakamugwirira ntchito.

Kändler anabadwa mu 1706 ku Fischbach, m'banja la m'busa, ndipo anaphunzira kusema ku Dresden. Mu 1731 analembedwa ntchito kufakitale ya mfumu ya Meissen, yomwe inatsegulidwa mu 1710. Fakitaleyi inali yoyamba ku Ulaya kuumba porcelain yeniyeni, dothi loyera lija la makapu olira ngati belu ukawagogoda.

Mfumuyo inkafuna zodabwitsa: nyama ndi mbalame mazanamazana zoumbidwa, zambiri zazikulu ngati zamoyo, zoti zidzaze nyumba yake ya Japanese Palace ku Dresden. Kulamula n'kosavuta. Koma dothili limawotchedwa pamoto wa madigiri pafupifupi 1,400, ndipo limanyala likamapsa. Chinthu chikakula, chimang'aluka kapena kupindika. Nyama zambiri zinkatuluka mu uvuni zili ndi ming'alu. Amisiri ankangomata, n'kupaka penti yamafuta pamwamba, poopa kuti kuzibwezera pamoto zitheratu.

Chomwe chimandikoka ine n'chakuti Kändler sankaumba zongomva. Mnzake wamkulu pantchito, Johann Gottlieb Kirchner, anaumba chipembere potengera chithunzi chakale cha Albrecht Dürer cha mu 1515, ndipo Dürer mwiniwakeyo anali asanachionepo chipembere. Chinatuluka chovala ngati zida zankhondo. Kändler ankapita kumene mfumu inkasungira nyama ndi mbalame, n'kumajambula zomwe maso ake aona. N'chifukwa chake mbuzi yake yoyamwitsa imapotoza khosi kunyambita mwana wake momwe mbuzi yakumudzi imachitiradi, ndipo muimba wake akung'amba mbalame mopanda chisoni. Sakani zithunzi zake pafoni yanuyo, mudzionere nokha.

Augustus anamwalira mu 1733, chaka chomwe Kändler anakhala mkulu wa oumba, ndipo chidwi cha nyama zikuluzikulu chinazirala ntchitoyo isanathe. Kändler anatembenukira kutizinthu ting'onoting'ono tapatebulo: tiagalu, timbalame, anthu a zisudzo. Kuyambira 1737 anatsogolera ntchito youmba Swan Service, mbale ndi ziwiya zoposa 2,000 za nduna Heinrich von Brühl. Mu 1753 anabwera ndi gulu la apusi ovala ngati mabwana, akuimba zitoliro ndi ng'oma. Kwa ine, uku kunali kuseka anthu omwe ankagula katundu wake, iwo n'kulipira mosangalala.

Loto lake lalikulu linali chifanizo chachikulu cha mfumu Augustus III ili pahatchi. Chitsanzo chaching'ono anachimaliza, koma nkhondo ya zaka zisanu ndi ziwiri itabuka mu 1756, asilikali a Prussia analanda Meissen, ndipo chifanizo chenichenicho sichinaumbidwe.

Anagwira ntchito pafakitale imodziyo zaka 44 mpaka imfa yake pa 18 May 1775. Nyama zake zong'alukazo zikuonetsedwa lero ku Zwinger mumzinda wa Dresden, ndipo ku Meissen akuumbabe apusi ake aja.