Msilikali wa mkono umodzi

Lero tikumbukire Oliver Otis Howard, msilikali wa ku America amene anatumikira m'gulu lankhondo zaka 40, kuyambira 1854 kufikira 1894, nakhala m'banja limodzi zaka 54. Moyo wake ukutifunsa funso losautsa Mkhristu aliyense wogwira ntchito pansi pa ena: tichitenji pamene lamulo la wamkulu lasemphana ndi chikumbumtima?

Howard anabadwa m'chaka cha 1830 ku Leeds, m'chigawo cha Maine, ndipo atate ake anamwalira iye ali ndi zaka 9. Mu 1855 anakwatira Elizabeth Waite, Mulungu nawadalitsa ndi ana 7. Anatembenuka mtima mu 1857 ali pantchito ku Florida, ndipo anadziwika pakati pa asilikali monga munthu wopemphera, wosamwa mowa ndi wosatukwana.

Pankhondo yapachiweniweni ya ku America, imene inathetsa ukapolo m'dzikolo, zipolopolo ziwiri zinalasa mkono wake wamanja ku Fair Oaks mu 1862, ndipo madokotala anaudula. Patangopita miyezi yochepa anabwerera kunkhondo.

Nkhondoyo itatha mu 1865, boma linamuika kukhala mkulu wa nthambi yothandiza anthu pafupifupi 4 miliyoni omasulidwa ku ukapolo. Nthambiyo inathandiza kutsegula masukulu ambiri, ndipo mu 1867 iye anali mmodzi mwa oyambitsa Howard University ku Washington, sukulu yaukachenjede yolandira anthu akuda. Ngakhale mumpingo mwake analimbikira kuti akuda alandiridwe monga abale.

Koma tisabise zina. Mu 1865 momwemo, Pulezidenti Andrew Johnson analamula kuti minda imene omasulidwawo anapatsidwa ibwezedwe kwa eni akapolo akale. Howard sanagwirizane nazo, komabe anapita yekha pachilumba cha Edisto kukauza anthuwo uthenga wowawawo. Mu 1877 anatsogoleranso asilikali kuthamangitsa anthu a mtundu wa Nez Perce, ochotsedwa pamalo a makolo awo, kufikira Mfumu Joseph atagonja. Munthu amene analolera kutaya mkono anavutika kukana lamulo lopondereza osauka.

Tisafulumire kumuweruza, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nafenso nkhonya zoterezi zimatipeza. Mlembi amauzidwa kusintha manambala, mphunzitsi kutseka maso pamayeso, mlonda kukhala chete katundu akutuluka usiku. Timamvera poopa kuti ana athu agona ndi njala, ndipo manthawo si achabe. Komatu ana omwewo sadya nsima yokha. Amadyanso chitsanzo chathu. Mutu 5 wa Machitidwe a Atumwi umatikumbutsa kuti kumvera Mulungu kumaposa kumvera anthu.

Ukalamba wa Howard sunasowe misozi: mwana wake Guy, msilikalinso, anaphedwa kunkhondo ku Philippines mu 1899. Mwini wakeyo anamwalira mu 1909 ku Burlington, nasiya mkazi amene anamukwatira paunyamata. Sukulu ija ikuphunzitsabe mpaka lero, koma minda ya ku Edisto ndi dziko la a Nez Perce nazonso zili mbali ya mbiri yake.

Tiyamike Mulungu chifukwa cha zabwino zimene anachita kudzera mwa mtumiki wopereweranayu, ndipo madzulo ano, popemphera ndi mabanja athu, tipemphe kulimba mtima kokana choipa, ngakhale chitachokera kwa amene amatilipira. Amen.