Mayi Maggie Lena Walker ndi Banki ya Anthu Osauka

Mayi Maggie Lena Walker adabadwa m'chaka cha 1864 mumzinda wa Richmond ku America. Mayi awo, amene kale adali kapolo, ankadyetsa banja pochapa zovala za azungu, ndipo mwanayu ndiye ankasenza mitolo ya zovalazo. Ukapolo udatha mu 1865, koma anthu akuda adatulukamo chimanjamanja, opanda munda kapena nyumba, ndipo mabanki a azungu ankawakaniza ngongole, makamaka amayi.

Ali ndi zaka 14, Mayi Walker adalowa bungwe la Independent Order of St. Luke, lothandizana pa matenda ndi pa maliro. Mu 1899 adasankhidwa kukhala mlembi wamkulu bungwelo litatsala pang'ono kugwa, ndipo adalidzutsa. Mu 1903 adatsegula St. Luke Penny Savings Bank, nakhala mayi wakuda woyamba kukhazikitsa banki m'dzikomo. Bankiyo sinkanyoza khobidi la wochapa zovala: inkalilandira, nkumaphunzitsa ana kusunga, nkumakongoza mabanja ndalama zogulira nyumba. Pofika 1920, nyumba pafupifupi 600 zidali zitagulidwa ndi thandizo lake. Mayiwa adamwalira pa 15 December 1934.

Ngakhale sadali Mkatolika, moyo wawo ukutilankhula ife a kwa Kachindamoto. Amayi athu ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka amakhetsa thukuta m'minda ndi m'misika, koma kawirikawiri phindu limathera kwa akatapila. M'miphakati yathu tilimbikitse mabanki a m'mudzi oyendetsedwa mwachilungamo, kuti makobidi osonkhanawo asathere pa ndiwo zokha, koma agule mbuzi, malata ndi malo okhala m'dzina la mayi mwini, chuma choti ana adzachipeze.