Fausto Coppi, Katswiri Wokwera Mapiri Panjinga

Ife a ku Karonga njinga timaidziwa bwino. Imanyamula mpunga, nthochi ndi anthu omwe, ndipo m'chigwa chathu chino cha m'mbali mwa nyanja imayenda mosavuta. Koma amene anayesapo kupalasa pa chitunda cha Chiweta adziwa kuti pokwera phiri njinga ilibe chibale. Ambiri amatsika n'kumakankha. Tsono ku dziko la Italy kunali munthu amene ntchito yake inali yomweyo yokwera mapiri panjinga, ndipo ankadya za thukuta limenelo. Dzina lake linali Fausto Coppi.

Iye anabadwa pa 15 September 1919 m'mudzi wa Castellania. Makolo ake anali alimi. Sukulu sanapite nayo patali, pakuti ali ndi zaka 13 analowa ntchito kwa wogulitsa nyama m'tauni ya Novi Ligure, kumene ankaperekera katundu panjinga. Komweko anadziwana ndi Biagio Cavanna, mkulu wosaona amene ankasisita miyendo ya ochita mpikisano, ndipo mkuluyu ndiye anamphunzitsa. Mnyamatayo anali woonda, wa miyendo itali, ndipo mafupa ake ankathyoka msanga akagwa.

M'chaka cha 1940 analowa Giro d'Italia, mpikisano wozungulira dziko la Italy umene umatha masabata atatu. Anamtenga kuti azithandiza katswiri Gino Bartali, koma Bartali atagwa ndi kuvulala, wothandiza uja ndiye anapambana, ali ndi zaka 20 zokha. M'mawa mwake Italy analowa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1943 Coppi anatumizidwa ku Tunisia ngati msilikali, Angerezi anamgwira, nakhala m'manja mwawo kufikira 1945.

Mwina mufunsa, anzanga, chifukwa chake mapiri ndiwo amasiyanitsa amuna pa masewerawa. Pamalo osalala opalasa amayenda chigulu, wina kubisala kumbuyo kwa mnzake kuti mphepo isamlemetse, kotero ngakhale wofooka amatha kutsatira. Pachitunda liwiro limachepa, kubisalako sikuthandiza kwenikweni, ndipo aliyense amasenza yekha kulemera kwa thupi lake. Apa ndi pamene Coppi ankathawira anzake.

Tsiku lake lalikulu linali 10 June 1949, pa ulendo wa makilomita 254 wochokera ku Cuneo kunka ku Pinerolo. Panjira panali mapiri asanu: Maddalena, Vars, Izoard, Montgenèvre ndi Sestriere, ndipo misewu ina inali yafumbi ndi miyala. Anzeru akadadikira phiri lomaliza. Iye anachoka pagulu pa phiri loyamba lomwe, napalasa yekhayekha makilomita 192, mtunda wongochepera pang'ono pa ulendo wochoka pa boma la Karonga kukafika ku Mzuzu. Anakhala pachishalo maola oposa 9. Bartali, amene anabwera wachiwiri, anafika patapita pafupifupi mphindi 12. Chaka chomwecho Coppi anapambananso Tour de France, nakhala munthu woyamba kutenga mipikisano iwiriyi m'chaka chimodzi. Anabwerezanso mu 1952, pamene anakhala woyamba kupambana pa phiri la Alpe d'Huez. Mu 1953 anapambana Giro kachisanu atasiya Hugo Koblet pa Stelvio, msewu wokwera mamita oposa 2,700, kutalika kuposa nsonga ya Nganda pa Nyika.

Sitinganene kuti moyo wake unali woyera mbee. Mng'ono wake Serse anafa mu 1951 atagwa pa mpikisano ku Turin, ndipo imfayo inamsweka mtima. Pambuyo pake anasiya mkazi wake Bruna natengana ndi Giulia Occhini, mkazi wamwini, mlandu umene unafika kukhoti. Anavomeranso poyera kuti ankamwa mankhwala opatsa mphamvu. Masiku amenewo lamulo silinkaletsa, koma ine ndiganiza kuti chimenechi chidetsa mbiri yake ndithu.

Za imfa yake ndizo zitikhudza ife kuno. Mu December 1959 anapita ndi anzake a ku France ku Upper Volta, dziko limene lero litchedwa Burkina Faso, kukachita mpikisano ndi kukasaka nyama. Iye ndi Raphaël Géminiani anagona chipinda chimodzi, udzudzu ukuwaluma. Atabwerera kwawo onse awiri anadwala kwambiri. Ku France anayeza magazi a Géminiani, napeza malungo, nampatsa kwinini, ndipo anachira. A kwa Géminiani anaimba lamya ku Italy kuchenjeza, koma madokotala a Coppi anakhulupirira kuti anali ndi matenda a m'chifuwa ndipo kwinini sanampatse. Nthenda imene pa chipatala chaching'ono cha kumudzi kuno amaizindikira ndi kadontho kamodzi ka magazi a kuchala inapha munthu wamphamvu chotere m'chipatala cha Tortona pa 2 January 1960, ali ndi zaka 40.

Anamuika kwawo ku Castellania, pafupi ndi Serse. Kuyambira 1965 malo okwera koposa onse pa Giro ya chaka chilichonse amatchedwa Cima Coppi, ndipo mu 2019 mudzi wake unasinthidwa dzina kukhala Castellania Coppi.